Kukopera Magemu: Zomwe Mbiri ya ku Poland Ikutiphunzitsa

Funso lakuti kukopera gemu osalipira ndi kuba kapena ayi limagawa anthu pawiri, ndipo mbali zonse zimayankha mothamanga. Ena amati kuba ndi kuba basi, kaya waba nkhuku kaya waba FIFA. Ena amati palibe chabedwa chifukwa mwini wake akadali nayo gemu yake, ndipo kampani ya mabiliyoni singamve kuwawa kaamba ka wophunzira mmodzi yemwe, ngakhale akanafuna, sakanakwanitsa kugula. Ine ndimaona kuti mayankho awiriwa amaiwala kufunsa kuti zikuchitika liti komanso kuti. Choncho m'malo mokangana m'malere, tiyeni tione dziko limodzi lomwe m'zaka pafupifupi makumi atatu linachoka pokhala msika wa magemu okopera n'kufika pogulitsa magemu akeake padziko lonse. Dzikolo ndi Poland.

M'zaka za m'ma 1980, Poland inali mu ulamuliro wa chikomyunizimu. Ndalama yake, zloty, inalibe mphamvu kunja, ndipo katundu wochokera ku maiko a kumadzulo ankapezeka m'masitolo a boma otchedwa Pewex, momwe munthu ankagula ndi madola kapena timapepala ta banki toimira madola. Makompyuta ang'onoang'ono a m'nyumba, monga Atari, ZX Spectrum ndi Commodore 64, ankalowa m'dzikomo kudzera m'masitolo oterewa kapena m'zikwama za anthu obwera ku ulendo. Koma kompyuta yopanda mapulogalamu ndi bokosi chabe. Makampani opanga magemu a ku Britain ndi ku America analibe masitolo kapena owaimira ku Warsaw. Munthu wofuna kulipira mwachilungamo analibe womupatsa ndalamazo.

Magemu ambiri a nthawi imeneyo ankasungidwa pa makaseti, omwewo oikapo nyimbo. Aliyense wokhala ndi wayilesi ya makaseti awiri ankatha kujambula gemu monga momwe ankajambulira nyimbo. Kumapeto a sabata, achinyamata ankasonkhana pamsika wa makompyuta wa mumsewu wa Grzybowska ku Warsaw kukagula ndi kusinthana magemu okopera. Panalinso pulogalamu ya pawayilesi yotchedwa Radiokomputer yomwe inkaulutsa mapulogalamu a kompyuta ngati phokoso, omvera n'kumajambula pa kaseti kunyumba. Zonsezi zinkachitika poyera, dzuwa likuswa mtengo, chifukwa lamulo la umwini wa luso lomwe linalipo, la m'chaka cha 1952, silinkatchula mapulogalamu a kompyuta.

Achinyamata a pa Grzybowska amenewa sindingawatche akuba. Sanaphwanye lamulo lolembedwa, ndipo sanalande kasitomala kwa wogulitsa aliyense popeza wogulitsayo kunalibe. Komabe sizoona kuti panalibe wotaya kanthu. M'chaka cha 1989, mumzinda wa Rzeszów munabadwa kampani yaing'ono ya LK Avalon, yomwe inatulutsa gemu ya Robbo yopangidwa ndi Janusz Pelc, mnyamata wa ku Poland komweko. Iyeyu ndi anzake ankayenera kugulitsa ntchito yawo kwa anthu omwe anali atazolowera kuti gemu mtengo wake ndi wa kaseti yokha. Makampani a ku London sankadalira msika wa ku Poland kuti adye. Wopanga magemu wa ku Rzeszów analibe msika wina. Chizolowezi chokopera chimayamba ndi katundu wa alendo, koma amene chimamuluma kwambiri ndi mwana wa pakhomo.

Chikomyunizimu chinagwa mu 1989, malire anatseguka, ndipo malonda a zinthu zokopera anakula koposa. Bwalo lalikulu la zamasewero ku Warsaw, Stadion Dziesięciolecia, linasanduka umodzi mwa misika ikuluikulu ya panja ku Ulaya, ndipo zimbale zokopera zinali m'gulu la katundu wodziwika pamenepo. Mu 1994 dzikolo linakhazikitsa lamulo latsopano la umwini wa luso lomwe linateteza mapulogalamu a kompyuta. Chaka chomwecho, anyamata awiri omwe anadziwana kusekondale, Marcin Iwiński ndi Michał Kiciński, anatsegula kampani yotchedwa CD Projekt ndi mpamba wa madola pafupifupi 2,000. Iwiński mwini wake sabisa kuti ali mnyamata ankagulitsa magemu okopera pamsika ku Warsaw. Tsopano anafuna kuitanitsa magemu enieni kuchokera kunja n'kumagulitsa movomerezeka.

Vuto lawo linali lodziwikiratu. Lamulo linasintha koma matumba a anthu sanasinthe, ndipo pabwalo lija gemu yomweyo inkapezeka pamtengo wozizira. Yankho lomwe anapeza ndi gawo lomwe ndimalikonda kwambiri m'mbiri imeneyi. Mu 1999 anatulutsa Baldur's Gate, gemu ya kampani ya BioWare, atayimasulira yonse m'Chipolishi. Analemba ntchito akatswiri a zisudzo otchuka m'dzikomo, monga Piotr Fronczewski, kuti mawu awo amveke m'gemumo. M'bokosi anaikamo mapu omatidwa ndi chidindo cha phula, buku la malamulo a Dungeons & Dragons komanso chimbale cha nyimbo. Anadziwanso kuti okopera ankatchaja pa chimbale chilichonse, ndiye popeza gemuyi inali ya zimbale zisanu, yokopera nayonso sinali yotchipa kwenikweni. Tsiku loyamba lokha anatumiza m'masitolo makope 18,000, chiwerengero chomwe chinali chachilendo kotheratu pamsika wa ku Poland.

Anthu omwe anagula mabokosi amenewa ndi omwewo omwe dzulo lake ankagula pabwalo. Sanatembenuke mtima chifukwa cha ulaliki kapena kuopa apolisi. Anapatsidwa chinthu chomwe wokopera sakanatha kuwapatsa, m'chilankhulo chawo, pamtengo womwe akanatha kuufikira atadzimana pang'ono. Ndalama zomwe zinapezeka m'malonda oterewa ndi zomwe zinathandiza CD Projekt kuyamba kupanga gemu yakeyake, The Witcher, yochokera m'mabuku a mlembi wa ku Poland Andrzej Sapkowski, yomwe inatuluka mu 2007. Pofika mu 2011, nduna yaikulu ya dzikolo, Donald Tusk, inapereka The Witcher 2 ngati mphatso kwa mtsogoleri wa America, Barack Obama. The Witcher 3, ya mu 2015, inadutsa makope 50 miliyoni ogulitsidwa. Anthu akanapitiriza kugula pabwalo pokha, zonsezi sizikanatheka.

Mu 2008 kampaniyi inatsegula sitolo ya pa intaneti yotchedwa Good Old Games, yomwe lero timaidziwa kuti GOG. Inayamba ndi magemu akale monga Fallout, itawakonza kuti azitseguka pa makompyuta atsopano, ndipo inakana kuikamo maloko aja otchedwa DRM omwe amaletsa munthu kukopera gemu yomwe wagula. Mfundo yawo inali yakuti lokoyo amavutitsa wogula wachilungamo yekha, pakuti wokopera amalandira gemu yochotsedwa kale loko. The Witcher 2 itatuluka, Iwiński ananena kuti kope yomwe inayamba kufalitsidwa mwakuba inali ya m'masitolo, yokhala ndi loko, osati ya GOG yopanda loko.

Komatu nawonso anapunthwa. Chakumapeto kwa 2011 zinadziwika kuti maloya oimira kampaniyi ankatumiza makalata kwa anthu a ku Germany oganiziridwa kuti anakopera The Witcher 2, kuwauza kuti alipire mayuro mazanamazana. Iwiński anali atayerekeza kuti gemuyi inakoperedwa maulendo oposa 4.5 miliyoni, ndiye mkwiyo wawo ndi womveka. Koma okonda magemu awo anadandaula kuti njirayi ingapweteke osalakwa, ndipo mu Januwale 2012 kampaniyi inalengeza kuti yasiya. Chomwe ndikufuna muone apa n'chakuti munthu yemwe anakulira pa Grzybowska, atakhala ndi antchito oti awalipire pakutha pa mwezi, sananenenso kuti kukopera kulibe kanthu. Anangosankha kulimbana nako posangalatsa wogula m'malo momuopseza.

Anthu ambiri okonda kukopera amagwira mbali imodzi ya nkhaniyi. Amakumbutsa zomwe Gabe Newell, mkulu wa kampani ya Valve yomwe ndi eni ake a Steam, ananena mu 2011, kuti kukopera kumakula kwambiri pomwe ogulitsa sakutumikira bwino ogula, ndipo anapereka chitsanzo cha Russia komwe malonda awo anakula atayamba kufikitsako magemu pa nthawi yake komanso m'chilankhulo cha kumeneko. Mfundoyi ndi yoona, ndipo Poland ikuichitira umboni. Koma ili ndi mchira womwe ambiri safuna kuuona: wogulitsa akachita mbali yake, chifukwa chokopera chimatha. Mu 2013, abale awiri, Patrick ndi Daniel Klug a kampani yaing'ono ya Greenheart Games, anatulutsa Game Dev Tycoon pamtengo wa madola pafupifupi 8, yopanda loko. Iwo eni anaika dala pa intaneti kope yaulere momwe kampani ya woseweray imagwa chifukwa anthu akukopera magemu ake. Patatha tsiku limodzi, osewera 214 anali ndi yogula pomwe 3,104 anali ndi yokopera. Ena mwa okoperawo anafika podandaula pa intaneti kuti akuba akuwagwetsera bizinesi m'gemumo. Apa panalibe malire otsekedwa, panalibe loko, ndipo otayawo sanali mabiliyoneya.

Pali mbali ina yomwe mbiri imaikira kumbuyo okopera. Kafukufuku wa bungwe la Video Game History Foundation wa mu 2023 anapeza kuti 87 pa 100 alionse a magemu omwe anatuluka ku America chisanafike chaka cha 2010 sakugulitsidwanso. Mu Malichi 2024, kampani ya Ubisoft inazimitsa makina omwe gemu ya The Crew inkadalira, moti ngakhale omwe anaigula sanathenso kuisewera. Magemu ambiri a pa makaseti aja alipobe lero chifukwa anthu wamba anawakopera n'kuwasunga pomwe eni ake anawataya kapena anatseka makampani. Lamulo limati kukopera gemu yotere ndi mlandu ndithu, ndipo Nintendo inasumira mawebusayiti ogawa magemu akale mu 2018. Koma pa chikumbumtima, sindiona kuti wosunga gemu yomwe palibe akuigulitsa ndi wofanana ndi wotenga gemu yomwe yatuluka sabata yatha.

Nanga ife tili pati? Pa zinthu zina tikufanana ndi Warsaw wa 1986. Magemu akuluakulu atsopano akufika madola 70, kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama zakunja n'zosowa, ndipo si wophunzira aliyense ali ndi khadi yogulira zinthu pa intaneti, osanenanso za bandulo yodawunilodera gemu ya magigabayiti zana. Makampani akuluakulu samatiwerengera poika mitengo. Sindingaimirire n'kuloza chala wophunzira yemwe walandira gemu yotere pa fulashi kwa mnzake wa mu hositelo. Koma pa zinthu zina tili kale mu 1999. Epic Games Store imagawa magemu aulere sabata iliyonse, Steam ndi GOG amatsitsa mitengo kangapo pachaka mpaka magemu abwino amafika madola awiri kapena atatu, ndipo magemu ngati Dota 2 ndi Fortnite salipiritsa kuti uyambe kusewera. Wophunzira yemwe wayamba ntchito, ali ndi khadi yake, koma akukoperabe gemu ya anthu awiri ya madola 8, sangabisalenso kumbuyo kwa umphawi wa dziko.

Ndiponso tisaiwale LK Avalon. Tonse tikudziwa zomwe malo obenera nyimbo anachita pa malonda a zimbale za oimba athu, ngakhale tili ndi COSOMA ndi lamulo la umwini wa luso la mu 2016. Ambiri mwa inu mukuwerenga pano mukuphunzira kupanga mapulogalamu, kujambula kapena kulemba, ndipo tsiku lina mudzafuna kugulitsa ntchito yanu kwa anthu omwe tikuwazoloweretsa lero kuti chilichonse cha pa sikirini n'chaulere. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndiye maganizo anga ndi awa. Musanadawunilode, dzifunseni ngati pali njira yolipirira yomwe mungaifikire, komanso kuti wotaya ndalamayo ndi ndani. Ngati njirayo palibe, kapena gemuyo inasiyidwa kalekale ndi eni ake, cholakwa chachikulu chili kwa ogulitsa omwe anatseka chitseko. Ngati njira ilipo, makamaka pomwe wopangayo ndi wamng'ono, lipirani kapena dikirani mtengo utsike. Anthu a ku Poland anali ndi chifukwa chomveka chokopera mu 1986, ndipo mu 1999, atapatsidwa Baldur's Gate m'chilankhulo chawo, zikwizikwi za iwo anapita kusitolo n'kukagula. Chifukwa chathu nachonso n'chomveka, bola tizivomera kuti chili ndi tsiku lothera.