Akasinja, ndege ndi mitu ya atengatenga

Madzi a m'nyanja ya Chiuta amatsikira ku Amaramba, nalowa mu Lugenda, mpaka kukakumana ndi Rovuma pa Negomano. Pamenepo ndi pomwe gulu la nkhondo la Ajeremani, lotsogozedwa ndi Paul von Lettow-Vorbeck, linaolokera kulowa m'dziko lathu pa 25 Novembala 1917, niligonjetsa Apwitikizi ndi kuwalanda mfuti ndi zipolopolo. Makolo ena ankaitcha nkhondoyi Nkhondo ya Chiwaya. Abale, tiyeni tione zimene zinachitika sabata yomweyo, chifukwa zikutionetsa m'mene makina anasinthira kamenyedwe ka nkhondo.

Ku Ulaya asilikali anali atakhala zaka zitatu m'ngalande zokumba, kutsogolo kwao kuli waya waminga. Aliyense wodzutsa mutu, chiwaya chinkamusesa. Tsono Angerezi anapanga kasinja, galimoto lachitsulo loyenda pa unyolo, lotha kuponda waya ndi kudumpha ngalande. Analiyesa koyamba pa 15 Seputembala 1916 ku Somme, m'dziko la France. Akasinjawo anali osakwana 50, ankayenda ngati munthu wapansi, ndipo ambiri anafera m'njira. Koma pa 20 Novembala 1917, ku Cambrai, anatumiza oposa 300 nthawi imodzi, naboola malinga a Ajeremani tsiku limodzi lokha. Apa n'kuti kutatsala masiku asanu kuti za ku Negomano zichitike.

Nanga ndege? Ntchito yake yoyamba inali kuzonda. M'chaka cha 1915 sitima yankhondo ya Ajeremani, Königsberg, inali itabisala kumene mtsinje wa Rufiji umathirira m'nyanja, ku Tanzania wa lero. Mu Julaye ndege zinkauluka pamwamba pake ndi kuuza owombera mizinga kumene mabomba ao akugwera, mpaka sitimayo inaonongeka. Ajeremani nawonso anayesa za m'mwamba. Pa 21 Novembala 1917 chombo chao chachikulu chodzazidwa mpweya, L 59, chinanyamuka ku Bulgaria chitasenza mankhwala ndi zida za gulu la Lettow-Vorbeck. Chitafika ku Sudan chinabwerera osatula kanthu.

Choncho nkhondo ya kuno inayendabe pa mapazi. Kasinja sanaponde dothi lathu. Misewu inali yosowa, ndipo akavalo ndi ng'ombe zinkafa ndi kashembe. Ufa, zipolopolo ndi zigawo za mizinga zinayenda pa mitu ya anthu, atengatenga. Ku Nyasaland kokha, amene ndi Malawi wa lero, amuna pafupifupi 200,000 anagwira ntchitoyi, ambiri mokakamizidwa, ndipo ochuluka anafa ndi njala ndi kamwazi. Magulu onse awiri ankakhuthula nkhokwe za m'midzi imene ankadutsamo. Ajeremani anatsika mpaka ku Namacurra mu Julaye 1918, namenyananso ndi asilikali a King's African Rifles ku Lioma, kufupi ndi Gurúè, pa 30 ndi 31 Ogasiti. Anakapereka zida ku Abercorn, Mbala wa lero ku Zambia, pa 25 Novembala 1918, chaka chathunthu chiolokereni Rovuma.

Ndege inadzatipeza kwenikweni pa nkhondo yomenyera ufulu, kuyambira 1964 mpaka 1974. Apwitikizi anali ndi bwalo la ndege zankhondo ku Nova Freixo, Cuamba wa lero. Kale munthu akamva mfuti ankathawira m'thengo kapena m'mabango, n'kupulumuka. Tsopano mdani anali kuona kuchokera kumwamba: utsi wa moto wophikira, kanjira kopita kumadzi, munda wa chinangwa, zonse zinasanduka zoulula. Anthu obisala anaphunzira kuphika usiku ndi kulima timinda pansi pa mitengo, ena naolokera ku Malawi.

Kasinja anatulutsa msilikali m'ngalande, ndege inachotsa pobisala. Mabuku amasunga dzina la L 59 ndi tsiku limene inanyamuka. Maina a ambiri mwa amene anasenza nkhondoyo pamutu anatsala m'kamwa mwa adzukulu ao, m'midzi yathu yomwe ino.