Wakutsina khutu ndi mnansi

Kuno ku Mphunzi, kumene a mishoni ya Dutch Reformed anafika mu 1903, akuluakulu amakumbukirabe nthawi imene mudzi wonse unkadalira munthu mmodzi wodziwa kuwerenga. Kalata ikachokera ku Halale kapena ku Joni, mwiniwake ankaipititsa kwa mphunzitsi kuti amuwerengere. Ine ndimaona kuti munthu wowerengera anzakeyu mbiri yathu sinamupatse ulemu womuyenera, chonsecho olemba anthu ntchito m'minda ndi m'mafakitale a fodya ankamuopa ngati njoka.

Umboni woonekeratu uli kutali nafe. Mu 1865 anthu opichira ndudu zikuluzikulu pamanja pa fakitale ya El Fígaro mumzinda wa Havana ku Cuba anayamba kukhala ndi munthu wowawerengera mokweza iwo ali pantchito. Chaka chotsatira boma la atsamunda a ku Spain linaletsa mchitidwewu, koma sunafe. Opichira nduduwo atasamukira ku Ybor City mumzinda wa Tampa ku America cha m'ma 1886, anapita nawo.

Wowerengayo ankakhala pansanja pakati pa fakitale. Mmawa ankawerenga nyuzipepala, masana buku la nthano limene antchito asankha okha povota, monga Don Quixote kapena Les Misérables la Victor Hugo. Malipiro ake sankachokera kwa bwana ayi, antchito ankasonkha okha sabata ndi sabata. Apa ndi pamene panagona nkhani. Manja anali a bwana kuyambira mmawa mpaka madzulo, koma makutu anali a eniake. Munthu wosadziwa ndi "a" yemwe ankaweruka akudziwa za malipiro a anzake kumaiko ena ndi za mabungwe omenyera ufulu wa antchito.

Eni mafakitale anati owerengawo ndi amene ankalowetsa anthu mtima woukira. Mu Novembala 1931 anagwetsa nsanja zija. Antchito zikwizikwi ananyanyala ntchito, mabwana nawo n'kutseka zipata. Pofika Disembala anthu anabwerera kuntchito chifukwa njala ilibe manyazi, koma owerenga aja sanabwererenso. Koma ku Cuba mwambowu unapitirira.

Wina anganene kuti izi ndi zakunja, zife sizikutikhudza. Koma tiyang'ane ku Magomero m'boma la Chiradzulu, pa minda ya thonje ndi fodya ya A. L. Bruce Estates. Kumeneko anthu ankagwira thangata pansi pa William Jervis Livingstone, amene iwo ankamutchula kuti Listonia. Eni mindayo sankalola sukulu pamalo awo, ndipo anthu a mpingo wa John Chilembwe atamanga timatchalitchi taudzu, momwenso ankaphunziriramo kuwerenga, Listonia anatitentha. Monga anzake a ku Tampa, iye anadziwa kuti wantchito amene wamva zolembedwa amayamba kufunsa chifukwa chimene mwezi wa thangata sukuthera. Pa 23 Januwale 1915 anthu anaukira ndipo Listonia anaphedwa. Pa 3 Febuluwale Chilembwe nayenso anaomberedwa.

Sindikunena kuti nkhani ziwirizi ndi imodzi. A ku Tampa ankalandira malipiro ndipo anali ndi mabungwe awo, pamene a ku Magomero ankagwira ntchito polipira malo amene ankakhalapo. Koma konseku bwana analimbana ndi chinthu chosadyedwa, chimene sichinachotse kanthu m'thumba mwake: mawu olowa m'khutu la wantchito.

Ife olemba timadandaula kawirikawiri kuti Amalawi sakonda kuwerenga. Opichira ndudu aja ambiri sankatha kuwerenga, komabe analolera kugona ndi njala chifukwa cha mabuku. Kusiyana kwake n'kwakuti panali wina wowawerengera, m'chinenero chawo, pamalo pomwe ankagwira ntchito. M'zigafa zathu alimi amatha tsiku lonse akusankha ndi kusoka fodya, makutu ali pululu. Ndani mwa ife anapitako ndi buku?