Mnyamata amene anawerenga zosaoneka

Mwana wa sekondale amaloweza kuti atomu ya sodiyamu ili ndi maelekitironi 11, nalemba pa mayeso, basi nkhani yatha. Koma ine ndimati tizifunsako, abale anga: anawerenga ndani, poti tinthu timeneti sitioneka ndi maso?

M'chaka cha 1869, Dmitri Mendeleev wa ku Russia anandandalika maelementi potsata kulemera kwawo. Ndandandawo unali wabwino ndithu, koma unali ndi potsimphina. Mwachitsanzo, cobalt ndi wolemerako pang'ono kuposa nickel, komabe khalidwe lake limafuna kuti akhale patsogolo pa nickel. Chifukwa chake panalibe wochidziwa.

Mu 1897 J.J. Thomson anatulukira elekitironi ku Cambridge. Mu 1911 Ernest Rutherford ku Manchester anaonetsa kuti pakati pa atomu pali kachimake kolemera, nyukiliyasi, kokhala ndi chaji ya pozitivu. Chinatsala n'kudziwa kuti chajiyo ndi yochuluka bwanji m'elementi iliyonse.

Apa m'pamene anatulukira Henry Moseley, mnyamata wogwira ntchito pansi pa Rutherford. Mu 1913 iye ankawomba zitsulo zosiyanasiyana ndi maelekitironi, n'kumayeza ma X-ray otulukamo. Anapeza kuti ma X-ray aja akusintha mwadongosolo ngati makwerero: kuchoka pa elementi ina kufika pa yotsatira, chaji ikuwonjezeka ndi imodzi yokha. Cobalt anagwera pa 27, nickel pa 28, mlandu uja n'kuthera pomwepo. Anaonanso kuti pa 43, 61, 72 ndi 75 palibe kanthu, ndipo maelementi onse anayi anadzapezeka pambuyo pake. Wa pa 72, hafnium, anapezeka ku Copenhagen mu 1923.

Masamu a ana athu aja agona pamenepa. Nambala ya Moseley ndiyo chiwerengero cha mapulotoni, ndipo atomu yopanda chaji imakhala ndi maelekitironi ofanana ndi mapulotoni ake. Sodiyamu akataya elekitironi imodzi amatsala ndi 10, mapulotoni akadali 11, ndiye wasanduka ayoni ya pozitivu. Kolorini wa 17 akatola imodziyo amafika pa 18, nakhala ayoni ya negetivu. Awiriwa amakokana, ndipo umenewo ndiwo mchere timathira m'ndiwowu.

Chimandiwawa ine n'chakuti mwini ntchitoyi sanaone zipatso zake. Nkhondo itabuka mu 1914, yomwe ija inasandutsa agogo athu amtengatenga, Moseley anasiya labotale nalowa usilikali mwa kufuna kwake. Pa 10 Ogasiti 1915 anawomberedwa m'mutu ku Gallipoli, m'dziko la Turkey, ali ndi zaka 27 zokha.

Choncho aphunzitsi athu, mukamalemba 11 ndi 17 pa bolodi, tchulaniko dzina la Moseley. Ana adziwe kuti manambalawo sanagwe kumwamba ayi, anachita kuyezedwa ndi munthu wamng'ono msinkhu kuposa ambiri a inu.