Kodi "open source" ndiye kuti zaulere?

Mnzanga wogulitsa mpunga ku Ntaja anandifunsa zimenezi foni itamutayika, pamodzi ndi manambala onse a makasitomala ake a ku Liwonde ndi ku Balaka.

Ambiri akamva mawuwa amangoti zaulere basi. Ndi a Chingerezi, ndipo anayamba kumveka mu 1998: "open" ndi chotseguka, "source" ndi gwero. Amanena pulogalamu imene aliyense atha kuona momwe inalembedwera, kuisintha, ngakhalenso kugawira anzake.

EspoCRM ndi SuiteCRM ndi mapulogalamu oterowo, othandiza amalonda ngati mnzangayu. Mumasungamo dzina la kasitomala, nambala yake, mpaka matumba amene anatenga pangongole. Mapulogalamuwa simugula ayi, koma bandulo ya intaneti ndi katswiri wokuikirani mulipira ndithu. Mnzangayo ndinamuuza kuti ayambe wafunsa mtengo wa ziwirizi asanataye kabuku kake kolembamo za malonda.