Golide Amene Sanapezeke kwa Mpezeni

Adzukulu anga, inu mwabadwa Chipata ali kale likulu la chigawo cha kum'mawa kwa Zambia, ndiye mumayesa kuti mapiri awa akhala akuyang'ana masitolo ndi magalimoto chiyambire. Ayi ndithu. Zimene ndikuuzeni pano ndinazimva kwa agogo anga aamuna, amene nkhondo ya Nsingo inawapeza ali kamnyamata koweta ng'ombe.

Dziko lino linali la Achewa ndi Ansenga. Angoni anaoloka Zambezi mu 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba, tsiku limene dzuwa linada masana. Zwangendaba atamwalira, ana ake anabalalika, ndipo mmodzi wa iwo, Mpezeni, atayendayenda zaka zambiri anadzakhazikika kuno cha m'ma 1870. Chuma chake chinali ng'ombe. Agogo ankati madzulo zikamabwerera kukhola, mwana wotumidwa kutsidya kwa njira ankaima mpaka miyendo kutopa kudikira kuti zithe kudutsa.

Kenaka kunafika Mjeremani wogula minyanga ya njovu, dzina lake Carl Wiese. Anapalana ubwenzi ndi Mpezeni, napatsidwa chilolezo chofufuza miyala, iye n'kukachigulitsa kwa azungu a ku London amene anakhazikitsa kampani ya North Charterland. Mbiri inawanda yoti pansi pa midzi ya Angoni pali golide. Nsingo, mwana wa Mpezeni, ataona alendowo akumanga malinga ndi kukumba m'mapiri, anadziwa kuti mapeto ake n'kulandidwa dziko, ndipo anasonkhanitsa ankhondo. Mu Januwale 1898 asilikali anabwera kuchokera ku Nyasaland ndi mizinga komanso mfuti zolira mosalekeza. Mkondo ndi chishango zikanatani pamenepo? Midzi inatenthedwa, ng'ombe zikwizikwi zinakusidwa, ndipo mu Febuluwale Nsingo anagwidwa n'kuwomberedwa. Mpezeni, nkhalamba yotheratu, anakamutsekera ku Fort Manning, kumene lero mukuti Mchinji. Anamwalira mu 1900.

Nanga golide uja? Anakumba anakumba, sanapeze kanthu kolozeka, kupatula wochepa wa ku Sasare, kutali uko ku Petauke. Koma boma linali litamangidwa kale. Mu 1899 Robert Codrington anakhazikitsa ulamuliro wa kampani ya Cecil Rhodes pano, pamalo amene anawatcha Fort Jameson, ndipo panakhala likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911, pamene anaphatikiza dzikolo ndi la kumadzulo, likulu n'kukhala Livingstone. Amishoni a Dutch anatsegula Magwero mu 1899 ndi Madzimoyo mu 1903. Amwenye nawo anadza ndi masitolo awo ku Down Shops, kumene amayi anga ankagula mchere woyeza ndi kambale ndi nsalu yopima ndi mkono, basera yake n'kukhala singano.

Golide atasowa, azungu anatembenukira ku nthaka. Anadula minda ikuluikulu ya fodya pamalo achonde, eni dziko n'kuwakankhira m'malo opanikiza momwe nthaka inatha msanga. Pamwamba pa izo anaika msonkho wa nyumba, wolipira ndi ndalama. Munthu wolandidwa ng'ombe ndalama akanaitenga kuti? Ena anakalowa ntchito m'minda ya fodya ija. Ambiri ananyamula kamba wa ufa ndi nsinjiro, n'kuyenda pansi milungu ingapo mpaka ku Halale ndi kumigodi ya kumwera. Ena anabwerako ndi njinga ndi bulangete, ena anatchona, akazi awo n'kukalamba akudikira. Fodyayo anakwera mtengo kwambiri m'ma 1920, koma mu 1928 anagwa, ndipo azungu ambiri anasiya minda itangoti bii ndi tchire.

Masiku amenewo tauni ino inkayang'ana kum'mawa. Makalata ndi katundu zinkadzera ku Nyasaland kapena ku Tete, ndipo mabelo a fodya ankapita ku Limbe. Musadabwe: kuchoka pano kupita ku Lilongwe sipakwana makilomita 150, pomwe Lusaka ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 570, ndipo pakati pake pali zitunda ndi mtsinje wa Luangwa. Msewu wa Great East ndiwo unatitembenuzira kumadzulo, makamaka mlatho waukulu wa pa Luangwa utamangidwa mu 1968. Koma chibale cha kum'mawa sichinathe. Pachipata cha Mwami anthu amaoloka tsiku ndi tsiku kukagula, kukagulitsa, kukalira maliro, ndipo Achewa a ku Malawi ndi ku Mozambique amabwerabe ku Kulamba kwa Gawa Undi ku Mkaika.

Ufulu utabwera mu 1964, dzina la Fort Jameson linachotsedwa, tauni n'kukhala Chipata. Mwambo wa Ncwala, umene unazilala nkhondo ija itatha, unadzutsidwanso mu 1980, ndipo chaka chilichonse mu Febuluwale mfumu imene ili pampando wa Mpezeni imalawa zakumunda zoyamba ku Mtenguleni. Njanji yochokera ku Mchinji inafika mu 2010, ndipo mu 2017 Chipata analengezedwa kuti ndi mzinda.

Tsono mukafuna kudziwa chimene chimadyetsa mzindawu, lawirirani mmamawa nthawi yokolola mukaime panjira yolowera kumsika wa Kapata. Mudzaona njinga zitasenza matumba a mtedza wa chalimbana, chimanga, soya ndi mpendadzuwa, mwini wake akukankha thukuta lili kamukamu chifukwa pokhala palibe. Ndalama ya matumba amenewo ndiyo imagula malata ku Down Shops ndi kulipira fizi ya ana. Chaka chimene mvula yakana kumidzi, wasitolo amangogona pakauntala. N'chifukwa chake ndimakuuzani kuti ngakhale mupeze ntchito ya muofesi, munda wa kumudzi uja musagulitse. Makolo anu anaulandidwapo kamodzi ndi mfuti, inu musaupereke ndi manja anu.