Okonza Makina a M'chipatala: Mbiri ya Ntchito Yathu Kuno Kum'mawa

Mankhwala achizungu anafika kuno kum'mawa kwa Zambia ali m'bokosi la mmishonale. Pamene a Dutch Reformed ankatsegula mishoni ya Magwero mu 1899, ya Madzimoyo mu 1903 ndi ya Nyanje mu 1905, zida zochizira zinali zoti munthu mmodzi n'kusenza pamutu: timipeni, zopanira, jakisoni wagalasi ndi poto wowiritsiramo zonsezo pamoto wa nkhuni. Chida chikabuntha ankachinola. Chikathyoka ankalemba kalata kwawo, n'kudikira miyezi.

Makina enieni anadza ndi zipatala zikuluzikulu. Chipatala cha St Francis ku Katete chinayamba mu 1948 ndi Bambo Francis Trefusis, wansembe wa Anglican yemwe analinso dokotala. Mu 1958 kunabwera Dr James Cairns ndi akazi awo a Faith, ndipo anakhala pamenepo zaka 38, mpaka 1996. Chipatala chong'amba anthu usiku chimafuna kuwala kosazima, madzi a m'mipope, nthunzi yophera tizilombo pa zida, ekisire, ndi furiji yosungira magazi. Zonsezi zimawonongeka. Tsono Lusaka ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 500, tsidya lija la Luangwa, ndipo panalibe woti n'kumuimbira foni kuti afike madzulo omwewo. Chipatala chilichonse cha mishoni chinayenera kudzilerera chokha munthu wokonza zinthu. Mabuku a mbiri amatchula ansembe ndi madokotala, ndipo n'zoyenera, koma anthu amene ankadzuka pakati pa usiku kukaliza jenereta kuti dokotala aone pamene akusoka, mayina awo sanalembedwe paliponse. Ntchito yathu inayambira mwa iwo.

Ine ndinailowa m'zaka za m'ma 1980, pa chipatala china cha kuno, monga wopatsira zida mdala wina amene anaphunzira za magetsi ku migodi ya ku Copperbelt. Pepala la sukulu ya makina a m'chipatala analibe, pakuti sukulu yotero m'Zambia munalibe. M'wekishopu mwathu tinkakonza chilichonse: pampu ya pachitsime, mawilo a bedi, nyale ya ku fiyeta, ngakhale njinga ya mlonda. Mtengo wa kopa unali utagwa kuyambira mu 1975, ndalama zakunja zinkasowa, ndiye sipeya sankaoneka. Mdalayo sankataya kanthu. Makina akafa ankawaphwasula, zitsulo m'chitini china, mawaya m'china, masipuling'i m'botolo.

Chimene anandiphunzitsa choyamba ndi kusathamangira sipanala. Ndikafika pa makina ndi zida m'manja ankandikhazika pansi. "Iwe mnyamata, wafunsa kale anamwino kuti anayamba bwanji? Wanunkhiza? Kuona maso a nkhono n'kudekha." Makina ophikira zida ndiwo ankativutitsa kwambiri. Kuti tizilombo tife, nthunzi imayenera kufika madigiri 121, koma madzi a m'zitsime zathu ali ndi mchere umene umamatirira pa elementi, n'kuikuta ndi chikhungwa choyera, mpaka elementiyo ipsa. Ankatituma kukinga madzi a mvula m'migolo nthawi ya dzinja kuti makinawo azimwa amenewo okha. Ku zipatala zing'onozing'ono za kumidzi, kumene lero kuli maboma a Sinda ndi Vubwi, katemera ankasungidwa m'mafuriji a parafini. Lawi likakhala lobiriwira ngati kumwamba, zinthu zili bwino. Likafiira n'kuyamba utsi, ndiye kuti chingwe chafuna kudula kapena parafini ali ndi zitsotso, ndipo katemera wa ana a midzi yonseyo ali pangozi. Tinkayenda pa honda kukadula chingwe chokha, ndi kusonyeza anamwino kadulidwe kake.

M'zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa 2000 kunachuluka makontena a mphatso ochokera ku Ulaya ndi ku America. Sindinyoza opereka, zina mwa mphatsozo zinapulumutsa anthu ambiri, ndipo ndinaziona zikugwira ntchito. Koma zambiri zinkafika zitatopa kale kwawoko, zopanda buku la malangizo, kapena buku lili m'Chijeremani. Za ku America zimadya magetsi a mavoti 110 mpaka 120, pamene athu ndi 230. Munthu wosadziwa akangolumikiza kukhoma, makina amene awoloka nyanja ankafa tsiku lomwelo. Chipatala chilichonse chinali ndi chipinda chakumbuyo chodzaza ndi zotere. Mu 2011 Lora Perry ndi Robert Malkin a ku Duke University anafalitsa kafukufuku wa zida zoposa 112,000 m'mayiko 16 osauka, ndipo anapeza kuti pafupifupi 38 pa 100 zilizonse sizinkagwira ntchito. Zifukwa zikuluzikulu zinali kusowa kwa maphunziro, kasamalidwe ndi zinthu monga magetsi. Ife a m'mawekishopu tinkazidziwa kale zimenezi, koma zitalembedwa ndi manambala, a m'maofesi anayamba kumva.

Sukulu inabwera mochedwa. Mu 2013 koleji ya NORTEC ku Ndola, mothandizidwa ndi bungwe la ku Britain la THET, inayamba dipuloma ya zaka zitatu ya ukatswiri wa makina a m'chipatala, yoyamba m'dziko muno. Pambuyo pake Evelyn Hone ku Lusaka inayambanso. Anyamata ndi atsikana otuluka kumeneko anafika akudziwa kuwerenga chithunzi cha mawaya, akudziwanso zimene mtima ndi mapapo zimachita, chinthu chimene ife tinkangotolera m'makonde pomvera madokotala. Ena mwa anzanga okalamba anachita nawo nsanje. Ine ndinakondwa, chifukwa kwa nthawi yoyamba ntchito yathu inakhala ndi sukulu yake m'dziko muno.

Abale athu a ku Malawi anapita patsogolo pena. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, madokotala a ana pamodzi ndi aphunzitsi ndi ophunzira a ku Rice University ya ku Texas anapanga makina otchedwa Pumani, othandiza makanda obadwa masiku asanakwane kuti apume. Mphepo yake inkachokera ku timapampu ta m'mathanki owetera nsomba za m'nyumba, totchipa ndiponso tolimba. Kafukufuku amene Dr Kondwani Kawaza ndi anzake anafalitsa mu 2014 anasonyeza kuti mwa makanda ovutika kupuma, opulumuka anali 71 pa 100 akaikidwa pa makinawo, pamene pa okosijeni wamba anali 44 pa 100. Kenako Polytechnic ya ku Blantyre, imene tsopano ndi MUBAS, ndi yunivesite ya MUST ku Thyolo zinayamba madigiri a uinjiniya wa zida zachipatala. Nkhani ya Pumani inandikhudza kwambiri. Moyo wanga wonse ndinakonza makina opangidwira kwina, kumene kulibe fumbi la mu Okutobala ndipo magetsi sazima. Apa anthu anayamba aona chipinda cha makanda cha kwathu konkuno, kenako n'kupanga makina ochiyenera. Wokonza amalimbana ndi chimene wapatsidwa. Wopanga amasankha yekha zoikamo, ndipo zimenezo zimafuna maphunziro opitirira dipuloma.

Njira yake ndinaidziwa kudzera mwa mwana wa mlongo wanga, mtsikana wokulira m'mudzi wa kufupi ndi Sinda. Kwathu kwa Achewa mwana wa mlongo wako ndi wako, ndiye fizi yake inkatuluka m'thumba mwanga ndi m'nkhokwe ya mtedza ya amayi ake. Anachita digiri ya uinjiniya wa magetsi ya zaka zisanu ku UNZA, nabwerera kum'mawa kudzagwira ntchito m'wekishopu ya chipatala. Atafuna kukachita masitazi ya uinjiniya wa zachipatala, anayenera kuyang'ana kunja. Pafupi ndi ife, malo odziwika ndi University of Cape Town, imene inagundizana ndi chipatala cha Groote Schuur, kumene Allan Cormack anayambira mu 1956 maganizo amene anabala makina a CT, mpaka analandira mphoto ya Nobel mu 1979 pamodzi ndi Godfrey Hounsfield. Kumeneko amafuna digiri yathunthu ya uinjiniya kapena yofanana nayo, ndipo injiniya akalowa amayamba waphunzira kapangidwe ndi kagwiridwe ntchito ka thupi la munthu. Apa pali chinthu chimene chimandipweteka. Wa dipuloma, ngakhale akhale zaka khumi akupulumutsa miyoyo ku Vubwi, khomo limeneli silimutsegukira asanabwerere ku sukulu kukatenga digiri, ndipo ambiri ali kale ndi mabanja owayang'ana.

Mapepala okha ndi ulendo. Pamafunika zotsatira zonse za kuyunivesite, makalata a aphunzitsi awiri okuchitira umboni, pasipoti, kalata yofotokoza chimene ukufuna kukafufuza, ndipo ku South Africa digiri yakunja amafuna iyambe yaunikidwa ndi bungwe la SAQA. Sukulu zina za ku Britain zimafunanso mayeso a Chingelezi a IELTS. Pafupifupi chilichonse mwa izi chimathera ku Lusaka, kutanthauza basi ya m'mamawa pa Katete Stores ndi malo ogona kwa achibale. Kenako ndalama. Chevening ya boma la Britain imafuna kuti ukhale utagwirapo ntchito zaka ziwiri, ndi kuti ukamaliza ubwerere kwanu kwa zaka ziwiri. Za Commonwealth zimadzera ku bungwe la boma loona za ngongole ndi thandizo la maphunziro apamwamba. Palinso Beit Trust, imene imathandiza a ku Zambia, Malawi ndi Zimbabwe okha. Inakhazikitsidwa mu 1906 ndi chuma chimene Alfred Beit anasiya, chochokera ku dayamondi ndi golide wa ku South Africa, ndipo ndi yomweyo imene inalipira mlatho woyamba wa pa Luangwa mu 1932. Ndinamuuza mtsikanayo kuti asachite manyazi kupempha ndalama zimenezo, pakuti agogo athu ambiri anasiya mphamvu zawo m'migodi ya kum'mwera.

Chimene chinamuvuta koposa chinali kalata yodzifotokoza. Ife timalera ana kuti asadzitame pamaso pa akulu, pamene kalatayi imafuna kuti unene poyera zimene wachita. Yoyamba imene anandiwerengera inali yodzaza ndi mawu akuluakulu a maloboti ndi nzeru za kompyuta, zimene ankaganiza kuti azungu amafuna kumva. Ndinamufunsa kuti, "Kodi zimenezi wazigwirapo?" Iye anati, "Iyayi amalume, koma ndikalemba za fumbi ndi makoswe odya mawaya andiseka." Ndinamuuza kuti za maloboti alemba anthu mazana ochokera ku Lagos ndi ku Delhi, koma kabuku kake ka m'wekishopu palibe wina ali nako.

Kabukuko anakayamba mu 2021, pamene Covid-19 inadzaza mawodi ndipo okosijeni anasowa. Ankalembamo makina aliwonse opanga okosijeni amene afika pa tebulo lake. Makinawa amakoka mphepo wamba, imene ili ndi okosijeni 21 pa 100, n'kuikankhira m'mabotolo awiri odzaza ndi timiyala ta zeolite. Timiyalato timagwira naitirojeni, n'kutulutsa okosijeni wopitirira 90 pa 100. Fumbi likatseka sefa, kompuresa imatentha. Magetsi akabwera ofooka, imapsa. Chinyezi cha m'dzinja chikalowa m'timiyala, timafa, ndipo apa ndi poopsa, chifukwa makina amalirabe bwinobwino, madzi a m'kabotolo akubwata, mayi ali pambali akukhulupirira kuti mwana wake akuthandizidwa, pamene mwanayo akungopuma mphepo ya m'chipinda. Popanda kachida koyezera sungadziwe, makamaka ngati alamu yochenjeza kuti okosijeni watsika pansi pa 82 pa 100 inafa kale. Mu 2024 chilala chitaphwetsa Kariba, magetsi n'kumazima maola oposa 20 patsiku m'madera ena, masamba a kabukuko anadzaza msanga.

Kalata yachiwiri inachokera m'menemo, ndipo ndi imene inamuitanitsa. Mphunzitsi wa kuyunivesite analankhula naye pa Zoom. Anakachitira ku Chipata, m'ofesi ya mnzake yokhala ndi sola, poopa kuti intaneti ingaduke pakati. A bungwe lopereka ndalama anamuitana ku Lusaka kukaonana maso ndi maso. Masiku otsala tinkayeserera pakhonde, ine ndili wofunsa. Ndinkamukumbutsa kuti ayang'ane anthu kumaso, ngakhale kwathu kutero ndi mwano, ndi kuti funso likamukanika asapeke yankho.

Atabwerako anandifotokozera zonse. Anamufunsa za masamu pang'ono, anamufunsa chifukwa chosankhira sukuluyo, ndi ngati adzabweredi kwawo. Mmodzi anafunsa chifukwa chake sakungopempha boma kugula makina atsopano. Iye anayankha kuti atsopanowo adzapuma fumbi lomwelo ndi chinyezi chomwecho, ndipo chimene akufuna kufufuza ndi kaumitsidwe ka mphepo isanafike ku timiyala, ndi kadzazidwe ka mabotolowo konkuno m'malo motaya makina onse. Kenako anatulutsa kabuku kaja m'chikwama, ndipo akuti nthawi yotsalayo inathera pa kuphenya masamba ake, wina akufunsa kuti n'chifukwa chiyani makina ambiri ankafa mu Febuluwale.

Amupatsa malo, ndipo anyamuka chaka chamawa. Pakali pano akuphunzitsa mnyamata wa dipuloma amene atsale m'malo mwake kalembedwe ka kabukuko, ndipo wapempha anzake a ku Sinda ndi ku Vubwi kuti nawonso azilemba mofanana: tsiku, mtundu wa makina, maola amene ayenda, mlingo wa okosijeni, ndi chimene chapezeka atawatsegula. Akuti kafukufuku wake adzafuna manambala a nyengo zamvula ziwiri, kuchokera ku chipatala chake, ku Sinda ndi ku Vubwi.