Mbiri ya kulandidwa kwa East Timor ndi dziko la Indonesia

East Timor, lomwe limatchedwanso Timor-Leste, ndi dziko laling'ono la ku Asia lomwe lili kum'mawa kwa chilumba cha Timor. Mbali ya kumadzulo ya chilumbachi ndi ya Indonesia. Monga Mozambique ndi Angola, dzikoli linali pansi pa ulamuliro wa Apwitikizi.

Asilikali atagwetsa boma la Portugal mu 1974, atsamundawo anayamba kusiya maiko omwe ankawalamulira. Pa 28 Novembala 1975 chipani cha Fretilin chinalengeza kuti East Timor ndi dziko loima palokha, koma ufuluwo unangokhala masiku 9. Pa 7 Disembala asilikali a Indonesia analowa mumzinda wa Dili, ndipo mu Julaye 1976 Pulezidenti Suharto anasandutsa dzikolo kukhala chigawo cha nambala 27 cha Indonesia.

Boma la Suharto linkati silingalole chikomyunizimu kuzika mizu pakhomo pake. Maiko akuluakulu anangoyang'ana kumbali. Pulezidenti Gerald Ford wa United States anali ku Jakarta kutatsala tsiku limodzi kuti nkhondoyo iyambe. Dziko la Australia linavomereza kulandako, ndipo mu 1989 linasainirana ndi Indonesia pangano logawana mafuta a pansi pa nyanja ya Timor. Koma bungwe la United Nations silinavomereze konse kuti East Timor ndi gawo la Indonesia.

Anthu wamba ndiwo anazunzika kwambiri. Lipoti la komishoni yofufuza choonadi la mu 2005 linapeza kuti anthu osachepera 102,800 anafa chifukwa cha mkanganowu pakati pa 1974 ndi 1999, ambiri mwa iwo ndi njala ndi matenda. Pa 12 Novembala 1991 asilikali anawombera khamu la anthu kumanda a Santa Cruz ku Dili, ndipo zithunzi za kuphedwako zinadzutsa mkwiyo m'maiko ambiri.

Kuno kum'mwera kwa Africa, dziko la Mozambique linasunga atsogoleri a Fretilin omwe anathawa kwawo, kuphatikizapo Mari Alkatiri, yemwe pambuyo pake anakhala nduna yaikulu. Mu 1997 Nelson Mandela anakumana ku Jakarta ndi Xanana Gusmão, mtsogoleri wa omenyera ufulu, yemwe panthawiyo anali mkaidi.

Suharto atatula pansi udindo mu 1998, Pulezidenti B.J. Habibie analola kuti kuchitike riferendamu. Pa 30 Ogasiti 1999 anthu 78.5 pa 100 aliwonse anasankha kudzilamulira. Magulu a zida ogwirizana ndi asilikali a Indonesia anabwezera potentha nyumba ndi kupha anthu, mpaka kunafika asilikali a maiko osiyanasiyana otsogozedwa ndi Australia.

East Timor inalandira ufulu wake pa 20 Meyi 2002, ndipo Gusmão anakhala pulezidenti. Indonesia inalamulira dzikolo ndi mfuti kwa zaka 24, koma pamaso pa malamulo a maiko onse silinakhalepo lake.